Zithunzi Ziwiri za a Dzandi

Fungo la polishi wa nsapato limandikumbutsa chilimwe chotsatira maliro a amayi, pamene tinkakhala pa boma ku Mchinji, kuseri kwa msika. Mphepo inkabwera ndi fumbi lofiira ndi makoko a mtedza, ndipo m'nyumba mwathu munkangoti zii ngati m'tchalitchi pakati pa sabata.

Phokoso linali kunja. Bambo anga anali a Dzandi, katswiri woseketsa wa m'mafilimu, wodziwika ndi jekete long'ambika ndi nsapato zosiyana. Mafilimu awo ankaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo kuyambira ku Ludzi mpaka kutsidya kwa malire, ku Zambia. Akamadutsa pamsika, akabaza ankaimitsa njinga n'kuyamba kuseka iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Loweruka lina bambo anatidzutsa m'mawa, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yamikani. Anatipukutira nsapato, kenako anandiluka tsitsi okha, mizere yokhotakhota, mpaka kumutu kunkandiwawa. Iwo anavala suti yakuda imene ndinali ndisanaionepo. Tinayenda wapansi kupita ku situdiyo ya a Jafali, wojambula zithunzi, pafupi ndi depoti ya minibasi.

M'situdiyomo munkatentha kwambiri. Kukhoma kunali chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja, patebulo pali maluwa apulasitiki a fumbi. Mbiri inali itafika kale kumsika, moti pakhomo ndi pawindo panadzaza mitu.

"A Dzandi, tapindani pakamwa paja pang'ono," anatero a Jafali, diso lili pa kamera.

"Lero ayi, achimwene. Jambulani bambo ndi ana ake."

Anthu anaseka, poganiza kuti nthabwala yayambika. Bambo anakhala chowongoka, dzanja lawo lili paphewa langa, lolemera, lonyowa ndi thukuta. Koma Yamikani, poona maso onsewo, anayamba kulira, kuitana amayi. Kuseka kuja kunazima. Bambo anamunyengerera, koma osatheka. Kenako anawerama, n'kutembenuza maso, n'kukwinya mphuno ngati m'mafilimu muja, ndipo Yamikani anaseka misozi ikadali m'masaya. Pomwepo kamera inathwanima.

A Jafali anajambulanso chithunzi china, tonse tili duu. Zitatsukidwa, bambo anakatenga zonse ziwiri.

Mvula yoyamba isanagwe, amalume anabwera ndi mnzawo pa njinga kuchokera ku Mkanda. Abale a amayi anali atagwirizana kuti ife tikakulire kumudzi kwawo, ati munthu woyendayenda ndi zisudzo sangalere ana. Bambo sanatsutse pamaso pathu. Anaika chithunzi choseketsa chija m'chikwama changa, pakati pa madiresi, china chija n'kutsala nacho.

Njira yonse, ndili pa kaliyala, ndinali nditakwiya. Ndinkaganiza kuti atipatsa chithunzi cholakwika, iwo n'kudzisungira chabwinocho.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo nkhaniyi ndimaiona mwina. Bambo ankadziwa za ulendo wa ku Mkanda tisanapite n'komwe ku situdiyo. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha chosonyeza zimene owaseka onse aja ankaiwala, kuti iwo analinso bambo wa ana. Koma ife anatipatsa nkhope ija yotonthoza mwana, podziwa kuti ku Mkanda Yamikani adzaliranso, ndipo iwo sadzakhalapo kuti awerame.