Matumba Anayi a Mtedza Kumchira kwa Ndege

Ndinatsala pang'ono kupha anthu khumi ndi asanu ndi awiri chifukwa choopa kukanira achibale. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kwa zaka zambiri ndikamafotokoza nkhaniyi ndinkaizungulira ngati galu wofuna pogona, kuti womva aziti vuto linali dzuwa kapena mphepo. Ayi ndithu, vuto linali ine. Lero ndine nkhalamba yopuma pa ntchito, ndipo ndikufuna inu owerenga mumve zimene zinandichitikira, makamaka inu amene muli pa ntchito imene abale anu amainyadira koma osaimvetsa.

Ndinakulira ku Matero, mumzinda wa Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Bambo anamwalira ndili kusekondale, ndipo mayi, Anaphiri, omwe kwawo ndi ku Chipata, ndi amene anandilera ndi geni ya tomato ndi zitumbuwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene dziko linkafuna kuti ana akuda alowe m'ntchito zimene kale zinali za azungu okhaokha. Mwayi unandigwera, ndinasankhidwa kukaphunzira kuyendetsa ndege, ndipo nditabwerako ndinalembedwa ntchito pa kampani ina imene sinditchula dzina.

Muyenera kudziwa mmene ntchito imeneyi imakwerera. Munthu sayambira pa ndege zazikulu zopita ku Ulaya. Amayambira pa tindege tating'ono toyenda m'zigawo za dziko momwemo, atakhala pa mpando wa kumanja ngati wothandizira. Kumanzere kumakhala kaputeni, mwini ulamuliro, wa mizere inayi paphewa. Ukadzaza maola okwanira m'buku lako la maulendo, dzina lako limalowa pa mndandanda wa oyesedwa ukaputeni. Ukakhala kaputeni wa kandege kakang'ono kwa nthawi, m'pamene amakuganizira za ndege zazikulu, kumene kuli malipiro enieni. Malipiro a wothandizira anali ochepa moti ndinkakhalabe ndi mayi, n'kumathamangira minibasi ndi yunifolomu yanga yoyera. Koma uzani munthu wa ku Matero kuti woyendetsa ndege alibe ndalama, akusekani mpaka kugwira nthiti.

Ulendo wanga wa kawirikawiri unali wa ku Chipata. Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu kuno munthu sapita kumudzi manja ali lende, ndipo amene akupita amanyamulira onse. Masiku amenewo shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa, anthu ankaima pa mizere tsiku lonse. Amene wapeza ankafuna kutumizako kwa makolo kumudzi, ndipo basi inkatenga nthawi yaitali, katundu n'kumasowera m'njira. Tsono mwana wa Anaphiri amapita ku Chipata kawiri pa sabata, ulendo wa maola awiri osakwana. Mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?

Zinayamba ndi kalata imodzi ndi kaphukusi ka sopo kamene ndinaika m'chikwama changa. Kenaka amayi a kutchalitchi anamva. Posakhalitsa khonde lathu linasanduka siteshoni. Mayi ankalandira katundu yense ndi nkhope yowala, n'kumasokerera kansalu koyera pa phukusi lililonse, kolembapo dzina la mwini wake. Akaona ndege ikudutsa m'mwamba ankaloza n'kumauza oyandikana nawo kuti mwana wawo ndi uyo, ngakhale itakhala ndege ya asilikali.

Ine ndinkadziwa lamulo. Chilichonse cholowa m'ndege chimayenera kukwera pa sikelo, kulembedwa pa pepala la katundu, ndi kuikidwa pamalo pake, chifukwa kandege kakang'ono kakalemera kumbuyo, mphuno imadzuka yokha ndipo woyendetsa amalephera kuibweza. Ntchito yowerengera pepalalo inali yanga, kaputeni ankangosaina pondikhulupirira. Koma pakamwa panga sipanatuluke mawu akuti ayi. Ndinkaopa kuti anena kuti mwana wa Anaphiri wayamba matama, waiwala kuti sukulu anaphunzira ndi zitumbuwa zimene iwo ankagula. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ine ndinali lambe wovala tayi.

Ku bwalo la ndege la ku Chipata kunali bambo wina wachikulire wolongedza katundu, Ba Zulu. Anali munthu wofatsa, wa ana asanu ndi mmodzi, ndipo ankanditcha bwana ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wake. Ndikamuuza kuti aike kaphukusi kumbuyo osalemba, ankaika. Tsiku lina anandinong'oneza kuti zinthuzi zayamba kuchuluka, ine ndinamuseka n'kumuuza kuti masamu a ndege amadziwa ndine.

M'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, dzina langa linali litalowa pa mndandanda. Mayeso a ukaputeni anali atatsala masabata atatu. Ndinali nditayamba kale kuyang'ana nyumba za lendi ku mayadi, ndipo mizere inayi ndinali nditagula, ndikuisunga m'thumba la jekete ngati mwana wosunga siwiti.

Tsiku limenelo ndinali ndi Kaputeni Chanda, Mbemba wosalankhulalankhula, mmodzi mwa akuda oyamba kukhala kumanzere. Tinatera ku Chipata chakumasana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapeza amalume anga akundidikira ndi ngolo ya abulu kuseri kwa mpanda. Anabweretsa matumba anayi a mtedza, odzaza mpaka kukamwa, othokoza mayi ndi anzawo chifukwa cha shuga ndi sopo wa chaka chonse. Anali atayenda kuyambira m'mawa. Ndinayang'ana matumbawo, ndinayang'ana amalume, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Mipando yonse ya ndege inali yodzaza, ndipo ndinkadziwanso kuti kukatentha chonchi ndege imavutika kunyamuka. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndinakodola Ba Zulu, kaputeni ali mu ofesi kufunsa za nyengo, ndipo matumba anayi aja analowa kumchira. Pa pepala sindinalembepo kanthu. Ba Chanda anasaina.

Inu owerenga, zimene zinatsatira sizinathe ngakhale mphindi imodzi, koma mpaka lero ndimazilota. Ndege inathamanga, kuthamanga, msewu wake ukutha koma liwiro losakwana. Kenaka mphuno inadzuka yokha nthawi isanakwane. Belu lochenjeza linalira. Ba Chanda anakankha chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse n'kundikuwira kuti ndikankhe nawo. Tinakankha tonse awiri, mitengo ya kumapeto kwa bwalo ikubwera kumaso kwathu. Tinaidutsa pafupi moti ndinaona masamba akugwedezeka pansi pa phiko. Kumbuyo mwana wakhanda analira, mayi wina anafuula dzina la Yesu. Malaya anga ananyowa ngati ndagwera m'madzi.

Ba Chanda anaiwongola ndege, tinapitiriza ulendo. Titatera ku Lusaka analamula kuti katundu yense atsitsidwe iwo akuona ndipo akwere pa sikelo. Matumba anayi anapezeka, opanda mwini, osalembedwa paliponse. Akuluakulu anatumiza uthenga ku Chipata, ndipo mawa lake ndinamva kuti Ba Zulu aimitsidwa ntchito podikira kuchotsedwa. Atafunsidwa, bamboyo anangoti analakwitsa yekha. Dzina langa sanalitchule.

Pano ndiye pamene pali manyazi anga enieni. Ndinakhala chete. Lachisanu, Loweruka, ndinali chete. Ndinkadziuza kuti ndikangokhala kaputeni ndidzamupezera Ba Zulu ntchito ina, ndidzawathandiza ana ake. Mtima wofuna mpando umadziwa kupeka zifukwa zokoma. Mayi anandifunsa ngati amalume sanatumizeko kanthu, ine ndinati sindinawaone.

Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, galimoto inaima pakhomo pathu, ana a m'mseu wonse n'kuizungulira. Anali Ba Chanda. Anapereka moni kwa mayi mwaulemu, analandira mpando pakhonde, pakati pa maphukusi amene ankadikira ulendo wa Lachiwiri. Anawayang'ana kwa nthawi. Kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa kansalu koyera, n'kukaika pa bondo langa. Panalembedwa kuti Anaphiri, Matero, ndi nambala ya nyumba yathu. Amalume anali atatengera nzeru ya mlongo wawo n'kukasokerera pa thumba limodzi, ndipo kaputeni anakathothola anthu ena asanakaone.

Anati m'Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chibemba, "Mwaiche, mwana iwe, ine siningabise mlandu wako, koma sinifuna kukutengera mwayi wokamba wekha. Mailo ukalembe lipoti na kwanja kwako. Ngati sulemba, pa Chibili nizalemba ine. Uja mudala Zulu ali na bana sikisi." Ndiye kuti ndinali ndi Lolemba lokha, Lachiwiri akanalemba okha.

Mayi anafuna kudziwa chimene chachitika, ndipo Ba Chanda anawafotokozera mofatsa, mopanda kuwonjezera, mmene matumba anayi angagwetsere ndege. Mayi anafunsa kuti munali anthu angati. Atamva, anakhala pansi pa simenti, miyendo itawongoka. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andikalipira. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ine nenze kuona monga ndeke ni basi ikulu, vonse vingena. Iwe unaziba. Nanga unalekeranji kuniuza, mwana wanga? Unaona monga ndine chipuba, chitsiru chosamva?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa chilango chilichonse chimene chinabwera pambuyo pake. Zaka zonsezo ndinkati ndikuwalemekeza, chonsecho ndinkawapeputsa, kuganiza kuti mayi wogulitsa tomato, amene tsiku lililonse ankayeza milu ndi maso, sangamvetse za kulemera.

Lolemba ndinalemba lipoti, zonse, kuyambira kaphukusi koyamba ka sopo. Anandiitana pamaso pa akuluakulu, ndipo ena mwa iwo ankafuna kuti ndichotsedwe tsiku lomwelo. Ba Chanda anaimirira n'kunena kuti nawonso analakwa posaina pepala osayang'ana kumchira, ndipo kuti woyendetsa ndege amene wadziulula yekha ndi wofunika kumusunga kuposa amene sanagwidwepo. Ntchito inapulumuka, koma dzina langa linafufutidwa pa mndandanda. Kwa miyezi ingapo anandiika m'shedi ya katundu, pa sikelo penipeni, kuyeza masutikesi a anthu ndi makatoni a anapiye. Nditabwerera m'ndege ndinakhalanso kumanja zaka zina zitatu. Ba Zulu anabwezeredwa pa ntchito ndi chenjezo.

Sindikunamizani kuti zaka zimenezo zinali zokoma. Anzanga amene tinayamba limodzi anakhala makaputeni, ena anafika pa ndege zazikulu, akubwera ndi masuti a ku Ulaya ndi mawayilesi, ine ndikuthamangirabe minibasi ya ku Matero. Wina amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerengera pepala la katundu anadzakhala kaputeni wanga, ine n'kumamuyankha kuti inde bwana. Mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira anatopa kudikira. Nsanje inandidya, ndipo masiku ena ndinkawada Ba Chanda mumtima.

Koma kunyumba kunachitika chinthu chimene sindinkachiyembekeza. Mayi anabweza maphukusi onse kwa eni ake, khomo ndi khomo, akufotokoza okha. Ena anatinena, inde, mpaka ena anasiya kutipatsa moni. Mayi sanatekeseke. Aliyense wobwera ndi katundu ankamuuza kuti, "Ndeke si ngolo. Pitani ku basi." Chimene ine wa masamu ndinalephera kunena kwa zaka, iwo ankachinena m'mawu asanu ndi limodzi, uku akusankha tomato.

Nthawi itakwana ndinayesedwa, ndipo ndinakhoza. Ulendo wanga woyamba ndili kumanzere unali wa ku Chipata komweko. Ba Zulu, imvi zili mbuu, anabweretsa pepala la katundu n'kuima pambali. Ndinatsika, tinapita limodzi kumchira, ndinawerenga katundu mmodzimmodzi ndisanasaine. Kenaka ndinawapepesa pamaso pa anzawo, chinthu chimene ndinayenera kuchita kalekale. Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Manje ndimwe bakaputeni ba zoona." Patapita zaka ndinafikadi pa ndege zazikulu, mochedwa kuposa anzanga onse, ndipo mayi ndinawamangira nyumba asanamwalire.

Ndikayang'ana m'mbuyo, ndimathokoza. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mitengo ija imene tinaidutsa. Ndimathokoza Ba Zulu amene anali wokonzeka kutaya ntchito chifukwa cha mnyamata wosayenera. Ndimathokoza Ba Chanda amene akanatha kungopereka kansalu kaja ku ofesi, koma anayendetsa galimoto mpaka ku Matero kudzanditsina khutu. Ndikanakhala chete, mizere inayi ndikanaivala m'masabata atatu, koma ndikanauluka moyo wanga wonse nditasenza bambo wa ana asanu ndi mmodzi kumchira.

Tsono inu owerenga, kaya ndinu namwino, dalaivala kapena wosunga makiyi a nkhokwe, ngati ntchito yanu ili ndi lamulo limene abale anu salidziwa, khalani nawo pansi muwafotokozere, musawayese osamva. Kukana kumapweteka tsiku limodzi, ndipo amene amakukondani amamvetsa. Ndipo mukalakwa, musalole kuti wamng'ono pa ntchito asenze mlandu wanu pofuna kuti mukwere msanga. Mpando udzakudikirani, ine unandidikira zaka zitatu.

Kansalu koyera kaja ndikadali nako. Kali m'buku langa la maulendo, pa tsamba la tsiku lija, ndipo mdzukulu wanga amene akuphunzira kuyendetsa ndege ndinamuonetsa iko ndisanamuonetse mizere inayi.