A Chingwe ndi Nsungwi Yawo Yoyezera Madzi

Dzina lawo lenileni lili m'mabuku a ku ofesi, koma mukafika pahotelo paja n'kulitchula, anthu adzakuyang'anani ngati mwasochera. Nenani kuti mukufuna a Chingwe. Ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyankhula adzakulozerani kugombe, kumene kuli bambo wamtali ngati mlongoti, wa imvi za apa ndi apo, ataima m'madzi ndi nsungwi m'manja.

Hoteloyo imagona nyengo yonse yozizira. Mazenera amatsekedwa, mipando ya pamchenga imaunjikidwa m'shedi, maambulera amamangidwa m'mitolo, mphepo n'kutsala yokha ikuchita zofuna zake. Koma kukangoyamba kufunda, mitengo ya kuseri kwa khitchini n'kuyamba kuphuka, aa, malo aja amasanduka ena. Anthu a m'nyumba zoyandikana amabwera ndi matumba kudzatola zinyalala zimene mafunde alavula. Ana asukulu amapaka penti mabenchi, penti yambiri n'kuthera m'malaya mwawo. Amayi amasonkhana m'mawa pamchenga kudzawongola miyendo, wailesi ikulira, wina akuwerenga mokweza, enawo akuseka mnzawo amene walephera kugwira zala zakumapazi. Zonsezi amakonzekera Loweruka lotsegulira, tsiku limene hotelo imalola aliyense wa m'deralo kulowa ulere, alendo a kutali asanayambe kudzaza.

Ntchito ya a Chingwe pa nyengoyi inali imodzi: kuika chingwe cha timipira toyandama, chosonyeza polekezera osamba. Wina angayese n'zachibwana, kungotenga chingwe cha chaka chatha n'kuchimanga pomwe chinali. Ayi ndithu, mungaphe ana a eni. Mafunde a nyengo yozizira amasamutsa mchenga. Pamene chaka chatha madzi ankalekeza m'mawondo, chaka chino mupezapo dzenje loti ng'ombe n'kumira. Ndiye iwo ankalowa m'madzi m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, nsungwi patsogolo, phazi pambuyo, mpaka gombe lonse alitha. Pansungwipo anamangapo timphira titatu. Kam'munsi kanali pa khosi la mwana wa zaka zisanu, kapakati pa khosi la wa zaka khumi, kapamwamba pa chifuwa cha munthu wamkulu wamfupi. Anayezera pa ana awo pamene anali aang'ono, ndipo wamfupiyo anali mayi a kunyumba kwawo.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'choti mchengawo umapita kuti. Ankafunsa aliyense, asodzi, aphunzitsi, alendo ovala magalasi amene amaoneka ngati anawerenga zambiri. "Dzenje ili walikumba ndani? Nanga mchenga wake wakautaya kuti?" Mayankho sankawakhutitsa. Chaka china anapaka penti yofiira miyala khumi n'kuisiya pansi pa madzi hotelo ikutseka. Kutafunda anapezako iwiri, kutali, pafupi ndi shedi ya mabwato. Anayenda nayo m'thumba mlungu wathunthu, akuonetsa anthu ngati kwawo kwabadwa mapasa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene pahotelo ponse panalibe ankachidziwa. A Chingwe sankatha kusambira. Ngakhale pang'ono, abale! Anakulira kumtunda, kumene madzi ochuluka amene anawaonapo anali a mumgolo. Anabwera ali mnyamata kudzakhoma mipando yothyoka, ndipo chaka chimene woika chingwe wakale anadwala, bwana wa nthawiyo anangowayang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wamtali, lowa." Panalibe anafunsa zina, iwonso sananene zina. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Poti pamwamba pa madzi panawakana, anaphunzira pansi pake, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri m'kati mwa chingwe chawo simunamirepo munthu.

Chaka chimenechi kunabwera manijala watsopano, mayi wachitsikana woyenda mothamanga, kope silichoka m'manja. Mtima anali nawo wabwino, koma malamulo ankawakonda ngati ndiwo. Lolemba la mlungu wotsegulira anaitanitsa onse ogwira ntchito kugombe.

"Lachinayi m'mawa," anatero, "aliyense wa inu asambira kukagwira chimpira chofiira chili ukocho n'kubwerera. Amene alephere sagwiranso ntchito kugombe kuno. Timupezera zina, kaya kugeti, kaya kosesa poimika magalimoto."

Mayi a Thovu, amene amachapa nsalu za hotelo ndipo pakamwa pawo sipauma, anaseka. "A Chingwe ndiye musawavutitse, bwana. Amenewa ndi nsomba, kungoti amavala buluku."

Onse anaseka, a Chingwe nawo anaseka, koma kwa pamaso chabe. Kugeti! Munthu woti ana a dera lonse amamudziwa ndi chingwe, akakhale pampando akutsegulira magalimoto, nyanja akungoimvera kumbuyo? Ndipo anthu akafunsa chifukwa chake adzati chiyani? Mantha anawagwira, manyazi n'kuposa mantha.

Masana atapita kunyumba kukadya, chakudya chinawakanika, ndipo anafotokoza zonse. Akazi awo, amene ankadziwa chinsinsicho kuyambira asanakwatirane, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kawauzeni zoona, bambo."

"Ndikayambire pati? Ndikati pepani, zaka zonsezi ndimangoyenda?"

"Mukayambire pomwepo. Manyazi anapha lambe."

Koma a Chingwe sanawamvere. Maganizo anali atapita kale kwina. Mlungu wapitawo, akuyeza cha kushedi ya mabwato, anapeza chinthu chimene sanachionepo: mafunde anali ataunjika mchenga pansi pa madzi, kamtunda kopapatiza ngati chitseko, kokhotakhota, kolowera kuya. Tsiku lija anangokatsatira chifukwa chofuna kudziwa kumene kathera, ndipo kanathera pafupi ndi chimpira chofiira chija. Lachitatu anakayendapo katatu, akuwerenga mapazi, akuloweza kuti mtengo wa mbendera ukalunjikana ndi chumuni cha khitchini ndiye pokhotera.

Lachinayi linafika. Anyamata ndi atsikana a kugombe anangoti chubwi chubwi, ulendo wolunjika kumpira. A Chingwe anavula malaya mwaulemu, n'kuyamba kulowera kumanzere.

"Bambo, mpira uli uku!" anafuula manijala.

"Ndauona, mayi. Madzi a apa amakoka, ine ndimadziwa njira yake."

Koma zinaliko tsiku limenelo! Munthu wamkulu anapinda mawondo mpaka madzi anafika m'khosi, manja akupalasa phavaphava ngati akusambira, kunsiku mapazi akuyenda bwinobwino pakamtunda kaja. Apa ndi apo ankalavula madzi kuti zioneke zenizeni. Chakumapeto madzi anafika pachibwano, kenako pamlomo, ndipo anachita kuima ndi zala zakumapazi. Anatambasula mkono wautali uja n'kuchikhudza chimpiracho ndi nsonga ya chala. Pobwerera anadzera momwemo, n'kutuluka womalizira, anthu akuomba m'manja.

Manijala analemba m'kope, kenako anawayang'ana mwachidwi. "Kusambira kwanu n'kwachilendo. Mutu sunyowa n'komwe."

"N'kwachikale, mayi. Ana a masiku ano sakudziwa."

Anapita kunyumba akuimba mluzu. Akazi awo atamva anangopukusa mutu n'kupitiriza kusita. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka gombe linadzaza kuti thothotho. Uku anyamata akumenya mpira pamchenga, uku amayi a zolimbitsa thupi aja akuonetsa zimene aphunzira, uko makanda akumanga nyumba zamchenga azibambo awo n'kuwalanda ntchitoyo. Dzuwa litakwera inakwana nthawi ya mpikisano wa ana. Ana oposa makumi atatu anandanda m'mphepete mwa madzi, ena akunjenjemera, ena akukankhana. Manijala anatenga chimkuzamawu.

"Tisanayambe, ndikufuna kulemekeza munthu amene watumikira gombe lino nthawi yaitali kuposa tonse, ndipo Lachinayi watisonyeza kuti mphamvu zikadalipo. Lero a Chingwe ndiwo ayang'anire ana athu cha kumanja uku. Mwana akapitirira chingwe, oyamba kulumphira ndi iwo."

Anawapatsa sikipa yofiira ya opulumutsa anthu ndi wenzulo. Anthu anakuwa mokondwa. A Chingwe anayang'ana kumanjako. Malo amenewo ankawadziwa kuposa wina aliyense. Kungodutsa chingwe mapazi atatu panali dzenje limene nsungwi yawo yonse inalowa osagunda pansi.

Akuganiza choncho, kamtsikana kopanda mano akutsogolo kanawakoka buluku. "Agogo, ine ndangophunzira kumene. Ndikamira mundivuula, eti?"

Apa ndiye panathera nzeru zonse. Kunamiza manijala kunali kwina, uku kunali kwina. A Chingwe anapempha chimkuzamawu chija.

"Abale anga, pepani. Sikipa iyi si yanga. Ine sinditha kusambira. Sindinasambirepo chibadwire."

Gombe lonse linangoti zii, kumangomveka mafunde ndi wailesi imene wina anaiwala kuzimitsa. Mayi a Thovu ndiwo anayamba kupeza mawu.

"Inu a Chingwe, musatiseweretse. Nanga Lachinayi lija?"

"Ndinkayenda, mayi. Pali kamtunda pansi."

"Mpaka kumpira?"

"Mpaka kumpira."

Wina anaphulika kuseka, ndiye basi, phwete linagwira gombe lonse. Mayi a Thovu anachita kukhala pansi, akupukuta misozi ndi epuloni. Anyamata ena anayamba kale kuyerekeza, manja phavaphava, miyendo ikuguba pamchenga. A Chingwe anangoima, mutu uli pansi, akulakalaka mchenga utatseguka. Manijala yekha sanaseke. Analandira sikipa ndi wenzulo n'kupatsa mtsikana wina wodziwa kusambira, mpikisano n'kuyamba. Kenako anabwerera kwa a Chingwe, nkhope ili gwaa.

"Mukanamira Lachinayi ndikanati chiyani kwa a kunyumba kwanu? Mwandikhumudwitsa, bambo." Koma kenako chidwi chinamuposa. "Kamtundako n'kotakata bwanji?"

"Ngati chitseko, mayi. Chaka chatha kunalibe."

"Mundisonyeze tsiku lina. Koma lamulo silisintha. Ndikukupatsani mwezi umodzi. Mukasambira zenizeni, chingwe ndi chanu. Mukalephera, kugeti. Ndipo kufikira tsikulo musalowenso m'madzi nokha."

Mayi a Thovu, amene m'mawa amaphunzitsa ana kusambira asanayambe kuchapa, anati awalandira a Chingwe m'kalasi mwawo bola asamakangane ndi anzawo.

Lolemba m'mawa a Chingwe anafika kugombe. Ana asanu ndi awiri anali kale m'madzi akuwadikira, akuseka chamumtima. Ndiye anaona akazi awo atakhala pabwato lovundikira, pafupi ndi shedi, chigubu chopanda kanthu chili pamiyendo.

"Mwadzatani kuno? Nanunso mwabwera kudzandiseka?"

"Ine pano ndi panga, bambo. Chaka chilichonse mukayamba kuyeza, ndimakhala kuseri kwa shedi iyi mpaka mutatuluka. Kungoti inu maso amangokhala pansungwi, simunatembenukepo."

"Chaka chilichonse?"

"Kuyambira ndili ndi pakati pa mwana woyamba."

A Chingwe anayang'ana chigubucho. "Nanga ichi?"

"Choti ndikuponyereni mukaterereka. Nanga ine ndimatha kusambira? Lachinayi ndinaima apa mpaka miyendo inachita dzanzi, inu mukubwera kunyumba ndi mluzu." Anamenya chigubucho ndi chikhatho. "Ndatopa nacho, bambo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikunyamula chigubu chopanda madzi ngati wamisala. Lowani mukaphunzire, ine ndipume."

A Chingwe anayang'ana akazi awo. Chisoni chinawagwira, choposa manyazi a Loweruka aja. Anavula malaya, anawapinda n'kuwapatsa akazi awo, kenako analowa m'madzi n'kukaima kumapeto kwa mzere wa ana.

"Gonani chagada, akulu," anatero mayi a Thovu, ataika dzanja kumsana kwawo. "Nyamulani mapazi. Onse awiri, musandinamize, ndikuona pansi."

A Chingwe anatembenuza mutu kuyang'ana kugombe. Akazi awo anali ataimirira, chigubu chili m'manja. A Chingwe anakoka mpweya, ananyamula phazi lamanzere, kenako lamanja.