Utsi Patsamba Lomaliza

Alamu anga a Saulosi Ziba anakhala zaka khumi ndi zinayi pamwamba pa nsanja ku Luwawa, kuyang'ana utsi. Ntchito yawo inali yomweyo basi. Ndinkawauza kuti kwathu ku Kasungu munthu wongokhala n'kumayang'ana timamutcha mlesi, koma kuno ku Mzimba mwamupatsa yunifomu. Iwo ankangoti, "Yewo, mulamu," n'kupitiriza kusenda mbatata yawo. Ndinakwatira mlongo wawo Ellen, ndipo ng'ombe ndinapereka zonse, ndiye kuwaseka ndi ufulu wanga.

Anabadwira kufupi ndi Embangweni, chaka chimene eni ake sachidziwa. Amangoti kunali dzombe. Sukulu ya mishoni anaphunzira m'Chitumbuka mpaka Sitandade 3, kenako bambo awo anawaitana kuti akawete ng'ombe. Ine ndinalekeza Sitandade 2, choncho pabanja pathu ophunzira anali iwowo. Atakula anapita kumigodi ku Zambia, koma pansi sanalowe, ankasesa m'khitchini. Anabwerako ndi njinga, chipewa ndi mawu awiri a Chibemba. Anakwatira a Kezia NyaHara, ndipo mu 1965 analembedwa ntchito m'nkhalango ya paini, kumene inenso ndinkacheka matabwa.

Nsanjayo inali ndi makwerero makumi asanu ndi limodzi. Pamwamba panali kachipinda, lamya yopukusa ndi dzanja, ndi chitsulo cha gudumu la lole choti azimenya poitana anthu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, alamu ankakwera m'mawa n'kutsika dzuwa litapendeka. Utsi ankaudziwa ngati ana awo. Ankati wa ofula njuchi ndi woonda ndipo umaima malo amodzi, wa osaka mbewa umathamanga ndi udzu, wa paini weniweni ndi wakuda ndipo ukauona usameze malovu.

Mu 1979 maso anayamba kuwanamiza. Tsiku lina anapukusa lamya, namenya chitsulo, ndipo tinakwera lole anthu makumi atatu ndi zikwanje ndi makasu. Titafika tinapeza nkhungu ili phee m'chigwa, yozizira bwino. Kuchipatala ku Boma anawauza kuti ndi ng'ala. Zapafupi ankaona ndithu, koma zakutali zinali ngati mkaka.

Bwana wathu nthawi imeneyo anali a Lyford, ochokera ku Dedza, munthu wopanda nkhanza. Anawaitana alamu mu ofesi n'kuwauza mosabisa kuti pansanja sabwereranso. Panali njira ziwiri. Yoyamba, anyamule katundu, atuluke m'nyumba ya kukompaundi, abwerere kumudzi. Yachiwiri, akhale pansi azilangiza alonda atsopano. Koma akuluakulu a ku Mzuzu sakanavomera mlangizi wopanda pepala, ndiye alamu anayenera kulemba zonse zimene amadziwa za ntchito ya pansanja, n'kupereka mwezi usanathe. Mwana wawo Nesta anali mu Sitandade 8 pasukulu ya pomwepo, mayeso ali pafupi. Kusamuka kukanamuphera chaka, mwina ndi sukulu yomwe.

Alamu anagula kope n'kulemba masiku anayi osapuma. Analemba monga zinkabwerera m'mutu. Anayamba ndi nyalugwe amene anagona pansi pa makwerero, kuchokera apo anapita pa mphepo ya mwera, kenako tsiku limene Nesta anabadwa iwo ali pamwamba, kenako mmene lamya imakonzedwera ikanyowa. Bwana anawerenga masamba asanu n'kuvula magalasi.

"A Ziba, nyama ilimo yambiri. Koma mwaponya mutu, matumbo ndi ziboda m'dengu limodzi. Kasanjeni."

"Kusanja uli, bwana? Ndisanje bwanji?"

"Chinthu chilichonse pamalo pake."

"Malo ake ndi m'nkhalango, bwana."

"M'kopemo, a Ziba. M'kopemo."

Anatuluka akukanda m'mutu. Anapita kwa aphunzitsi a Nesta, a Mavis NyaMoyo, amene anawauza kuti zofanana zikhale pamodzi ndipo pamwamba pake pakhale mutu. Anawalembera mitu isanu: zoyambitsa moto, mitundu ya utsi, mphepo, zida, ndi chochita ukaona utsi. Alamu anathokoza chomene, nagula lezala, nayamba kudula kope lonse tizidutswa. Loweruka ndinawapeza pakhonde atayala mphasa, pali milu isanu ya mapepala, uliwonse ataupsinja ndi mwala. M'manja anali ndi kachidutswa kamodzi, akukayendetsa uku ndi uku ngati munthu wosowa pokhala m'basi.

"Alamu, mwayamba kuombeza maula?"

"Lekani, mulamu. Uwu ni moto wa 1971. Anauyatsa ofula njuchi, ndiye upite apa. Kweni utsi wake unali wakuda, ndiye upite apo. Mphepo inatembenuka, ndiye ukonso ukufunika. Lamya inafa tsiku lomwelo. Moto umodzi ungayake m'milu inayi?"

"Udulenso, aliyense alandire nthuli."

"Ndadula kale. Tsopano palibe mulu umene ukudziwa kuti unazima bwanji."

A NyaHara, amene ankapeta nyemba chapafupi, analowererapo. "A Ziba, mukuvutikiranji? Lembani monga chaka chimayendera. Meyi mumalambula misewu yotchinga moto, Ogasiti mumakwera, Okutobala kumapsa. Munda timalima choncho."

Nzeru imeneyo inawagwira mtima. Anachotsa miyala isanu naika khumi ndi iwiri. Koma zinthu pafupifupi zonse zinathamangira ku Okutobala, mulu wake unafika m'bondo, pamene Januwale ndi Febuluwale kunali miyala yokhayokha. Anayesa kuphatikiza nzeru ya aphunzitsi ndi ya mkazi wawo, mwezi uliwonse ukhale ndi mitu isanu. Miyala inatha pabwalo. Nkhuku inadutsa pakati pa Seputembala. Atakopera zonse m'kope latsopano, moto wa 1971 unalowamo kanayi, ndipo pena unayaka usanayatsidwe.

Kutatsala masiku atatu tinapita limodzi ku Boma, ine kukagula tupa, iwo kukaonana ndi a Chikomeni. Bambo ameneyu ankakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, ndi taipi yake, kulembera anthu makalata opita kumaofesi. Anatsegula kopelo mwaukadaulo, atanyowetsa chala.

"Adada, mwayamba na vichi apa?"

"Njuchi."

"Njuchi!" A Chikomeni anayang'ana kumanja ndi kumanzere n'kutsitsa mawu. "Pepala lopita ku Boma liyambe ndi njuchi? Boma lili kuti? Chipani chili kuti? Mukufuna afunse kuti mlonda uyu amalemekeza njuchi kuposa Chipani?"

Masiku amenewo funso lotere silinali loseketsa. Munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la Chipani. Alamu anapempha nzeru. A Chikomeni anawayalira mndandanda: athokoze Boma, athokoze Chipani, kenako wapampando wa nthambi, mafumu, akuluakulu a ku Mzuzu, bwana Lyford, akapitawo, aliyense pa msinkhu wake, osadumpha mmodzi.

Apa nkhope ya alamu inawala koyamba m'masabata atatu, chifukwa kusanja kumeneku ankakudziwa chibadwire. Kwawo munthu akabwera ndi nkhani yaikulu sayamba nayo. Amakhala pansi, apereke moni kwa aliyense kuyambira wamkulu, afunse za mvula, za ng'ombe, za ana, ndipo pamapeto pake ndiye amatula chimene wabwerera. Ine pokafunsira Ellen ndinakamba za matenda a nkhuku ola lathunthu. Wotula nkhani yaikulu ali chiimire amaoneka wosaleredwa.

"Mbwenu ndamva tsopano!" anatero m'lole pobwerera. "Moni patsogolo, tinkhani ting'onoting'ono pakati, chachikulu kumapeto. Aphunzitsi akanangonena choncho."

Anagula kope lachitatu n'kukopera masiku awiri. Lachinayi masana anakapereka, akuluakulu a ku Mzuzu akubwera m'mawa mwake. Anandipempha ndiwaperekeze. Bwana Lyford analandira kopelo, koma sanalitsegule. Anandipatsa ine.

"Inu alamu awo, tiyerekeze kuti ndinu mlonda watsopano. Muli pansanja nokha. Mwaona utsi chakudamu. Tsegulani, mundiuze chochita." Anavula wotchi n'kuiika patebulo.

Ine kuwerenga ndimawerenga, koma ngati ngolo pamatope. Ndinayamba. Ndinathokoza Boma. Ndinathokoza Chipani. Ndili pa wapampando wa nthambi, bwana anati, "Maekala awiri apsa." Ndinafulumira, ndinathokoza mafumu. "Maekala khumi." Ndinadumpha akapitawo n'kugwera pa nkhani ya mmene mlonda angasungire mbatata kuti nyerere zisalowe. "Moto wawoloka msewu."

"Kumapeto, mulamu," alamu ananong'ona. "Kumapeto!"

"A Ziba, pansanja simudzakhalapo kuti mumunong'oneze."

Ndinavundukula masamba ngati ndataya tikiti. Njuchi, mwera, moto wa 1971, nyalugwe, moto wa 1971 kachiwiri. Pamene ndinkafika patsamba lomaliza n'kuwerenga kuti pukusa lamya, bwana anali atavala kale wotchi yawo.

"Nkhalango yatha. Lamya yapsa. Inunso mwapsa."

Alamu anaika chipewa pamaondo. Kenako anafunsa ndi mtima woona, "Ndiye bwana, ndichotse zothokoza Chipani, utsi ubwere patsogolo?"

Chitseko chinali chotsegula, ndipo pakhonde panali anthu akudikira. Bwana anadzuka n'kukachitseka.

"Ine sindinanene zimenezo."

"Ndiye zikhale pomwepo?"

"Zikhale. Koma utsi uyambe."

"Ndiye Chipani chibwere pachiwiri?"

"A Ziba! Ndani wanena pachiwiri?"

"Nanga choyamba ni vichi, bwana?"

"Choyamba ndi..." Bwana anayang'ana kudenga. "Zonse ziwiri n'zoyamba. Koma osati pamodzi. Mundibweretsere lisanalowe dzuwa."

Tinatuluka n'kukhala pa chipika kuseri kwa ofesi. Ndinafuna kuwaseka koma ndinaleka, chifukwa ndinaona kuti munthu uja akuwerenga kale m'mutu mitolo ya katundu. Ankangolitembenuza kopelo m'manja, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo.

"Mulamu, tsamba loyamba lingakhale awiri?"

"Ngakhale mitala, alamu, wamkulu amakhala mmodzi."

"Imwe bwana atakupatsani kope, munayamba kuwerenga pati?"

"Pa Boma."

"Musanatsegule."

"Ndisanatsegule ndikanawerenga chiyani? Pachikuto palibe kanthu."

Anayang'ana chikutocho nthawi yaitali. Sindikhulupirira kuti anali ndi nzeru iliyonse m'mutu. Ndikuganiza kuti anangoona malo opanda mwini. Anatulutsa cholembera n'kulemba pamenepo ndi zilembo zikuluzikulu, lilime lili panja:

UKAONA UTSI
Yang'ana kawiri. Nkhungu imatsika, utsi umakwera.
Ona kumene mphepo ikupita.
Pukusa lamya, tchula dzina la malo.
Menya chitsulo mpaka uone lole.
Usatsike.

Tinabwerera mu ofesi. Bwana anawerenga, natsegula, natseka, natsegulanso.

"Tsamba loyamba ndi liti apa, a Ziba?"

"Lili m'kati, bwana. Silinakhudzidwe."

"Nanga ichi?"

"Chikuto waka, bwana. Chikuto chabe."

Bwana Lyford anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula thumba la simenti, n'kulowetsa kopelo m'dirowa mofulumira, ngati lingasinthe maganizo.

M'mawa mwake a ku Mzuzu anabwera atatu. Wamkulu wawo anawerenga chikuto n'kugwedeza mutu. Anatsegula tsamba loyamba n'kugwedeza mutu kwambiri. Anatseka. Anafunsa kuti a Ziba ndi ati, nawagwira chanza, ntchito n'kukhala yawo. Mizere isanu ija anaitayipa n'kuimata m'nsanja zonse. Masamba makumi asanu ndi limodzi a m'kati sindikudziwa ngati alipo anawawerenga kupatula ine, ndipo inenso ndinapsa ndisanamalize.

Alamu analangiza alonda zaka zisanu ndi zinayi, ali pansi, akuloza ndi ndodo mapiri amene sankawaonanso. Nesta analemba mayeso ake ali m'nyumba yomwe ija, nasankhidwa kupita kusekondale. Tsopano alamu anapuma, ali kwawo kufupi ndi Embangweni, amaweta mbuzi zimene amazizindikira ndi kulira kwake. Mpingo wawo unawapempha chaka chatha kuti alembe mbiri ya tchalitchi chawo, poti anamveka kuti analembapo buku la Boma. Anakana mpaka kudwala.

Ndikapita kukawaona, timakamba za mvula, za mbuzi, za ana, ndipo ndikamadzuka kuti ndizipita ndi pamene amandigwira dzanja.

"Mulamu, ndiuzeni mwachilungamo. Ntchito ija anandipatsa chifukwa cha kope panji chifukwa cha chikuto?"

"Chikuto, alamu."

"Ndiye masabata atatu aja ndinkalemba vichi?"

"Chogwirizira chikuto. Chikanaima pa chiyani?"

Amaganiza kanthawi, n'kupukusa mutu. "Yayi, sindinamvebe. Mubwerenso, mudzafotokoze bwino."