Tiyi wa Kalabu M'matope

Chinali chaka cha 2019, ine ndili ndi zaka 68, tcheyamani wa kalabu ya alimi a tiyi ku Chimaliro. Lole ya fakitale sinabwere chifukwa cha mvula. Tiyi akathyoledwa sadikira munthu. Akakhalitsa m'thumba amatentha n'kufiira, ndipo ku fakitale amamukana. Anali matumba makumi atatu, thukuta la mabanja khumi ndi awiri.

Tinachita hayala pikapu ya a Makwinja pa K25,000, n'kunyamuka 10 koloko m'mawa. Kalabu inandipatsa anthu awiri omwe ine sindikanawasankha: mayi Nakhumwa, amene pakamwa pawo sipatsekeka, ndi a Muhowa, mkulu wa mpingo wa Sabata, olima tiyi koma kumwa ayi.

Pa Luchenza ndinagula chinangwa cha K500. Ndinadya ndekha. Kenako ndinalamula kuti tidutse njira yachidule ya m'esiteti. A Makwinja anati kuli matope. Ndinati tcheyamani ndine.

12 koloko tinatitimira pachigwa.

"Kankhani," ndinatero.

Tinakankha ola lathunthu. Galimoto inangotipaka matope kumaso.

Mayi Nakhumwa anapisa mkono m'thumba. "Atcheya, muno mungaphikemo dzira. Tikhuthule pansi pa bulugamu apitidwe mphepo."

"Tiyi wa anthu pansi ngati madeya?"

"Ndiye bwererani naye, mukawafotokozere nokha amayi akumudzi. Akamakukuwizani, nyimbo ndikayambitsa ndine."

Tinakhuthula, pa lona ndi pa zitenje zawo.

A Muhowa ankangoyang'ana dzuwa, poti linali Lachisanu ndipo sankafuna Sabata liwapeze m'matope. Anati galimoto yapepuka tsopano, tiyale nthambi pansi pa matayala. A Makwinja anati mitengo ndi ya esiteti, mlonda atimanga. Bola kuchotsako mpweya m'matayala. Anakangana ngati atambala. Ine ndinati zonsezo n'zopusa, tidikire thirakitala.

Mlonda anafikadi, chikwanje m'manja. Mayi aja anamulonjera m'Chilomwe n'kumufunsa kwawo. Posakhalitsa anali atasanduka mlamu wawo, ndipo nthambi anadula yekha. Nthambi zokha zinalephera. A Makwinja atachotsako mpweya, galimoto inatuluka. Tinabwezera tiyi m'matumba n'kukwezanso. Thirakitala mpaka lero sinafike.

Pa sikelo ya fakitale tinafika 4 koloko. Kalaliki ananunkhiza thumba lililonse ngati galu wapolisi. Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi analowa.

Ndikanayenda ndi anthu ongoti "inde atcheya", tiyi yense akanawolera pachigwa paja. Ndanena kamodzi, sindibwerezanso.

Zotayika: chitenje chimodzi, nsapato yanga yakumanzere, ndi matumba anayi amene anapsa pa ola lija ndinkalamula zokankha. Kalabu inagamula kuti anayiwo anali anga. Sindinatsutse.