Malo a nyamalikiti wobiriwira

Ndikukumbukira kuti chaka chimene mliri wa korona unatitsekera m'nyumba ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala kunja kwa dziko lathu, mumzinda waukulu, kudera la Al Mankhool, m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo ya nsalu imene Amayi ankagwirako ntchito. Ababa anali dalaivala wa kampani ina, ndipo chuma chawo chonse chinali buku la masitampu akale a dziko la Tanganyika.

Masitampuwo anayamba ndi agogo awo, amene anayenda pansi kuchokera ku Mangochi kukagwira ntchito m'minda ya khonje, nthawi imene Angelezi ankayang'anira dzikolo atalilanda kwa Ajeremani. Anabwerako ndi kachitini ka masitampu, ndipo Ababa anapitiriza kuwonjezera. Tsamba loyamba linali la masitampu a positi, aliyense ali ndi mutu wa nyamalikiti, kungosiyana mitundu. Lachiwiri linali la masitampu a msonkho, amene ankamatidwa pa mapepala a boma. Kumeneko kunali awiri okha, kwinako mabokosi ojambula ndi pensulo, odikira eni ake.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mpata umodzi pakati pa anyamalikitiwo. Ine chibadwire sindigwirizana ndi chinthu chosatha bwino. Tsiku lina ndinatenga kachitsulo kopanira masitampu n'kuyamba kuwasendeza kuti mpatawo utsekeke. Ababa anandigwira dzanja mofatsa.

"Asiyetu, pamenepo pali mwini wake. Ndi wobiriwira, sanafike chabe."

"Nanga akapanda kufika, Ababa?"

"Adzafika, inshallah. Koma akadzapeza watseka, adzakhala pati?"

Ndinaseka, chifukwa ankanena za kapepala ngati mlendo amene basi yamuchedwetsa.

Patangotsala pang'ono kuti zinthu zivute, Ababa anapita kumudzi ku Mangochi kukaona mayi awo amene ankadwala. Anasiya masilipasi awo pakhomo, pamzere wa nsapato zathu, n'kunena kuti sachedwa. Kenako ndege zinaima.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto. Msewu umene sunkagona unangoti zii, moti ndinkamva nkhunda zikulira padenga la nyumba ya tsidya. M'nyumba monse munkanunkha mankhwala osamba m'manja. Maphunziro a pa foni akatha, ndinkakhala pawindo ndi bukulo mpaka maso kulemera. Ndinkaona anyamalikiti atatsika patsamba, ofiira, abuluu, achikasu, akuyenda mwaulemu pakati pa nyumba zazitali, akusuzumira m'mawindo mwa anthu. Kumapeto kwa mzere kunkabwera wobiriwira, ndipo pambali pake ankayenda Ababa atanyamula chikwama chawo chakuda. Sankafulumira. Nthawi zonse Amayi ankandidzutsa iwo asanafike pakhomo, ndipo ndinkawakwiyira.

Pa foni Ababa ankafunsa za sukulu pang'ono, za bukulo kwambiri. "Wandisungira malo aja?" Ndinkayankha kuti eya, ndikudziwa kuti sakufunsa za sitampu yokha.

Ndege zitayambanso, kampani inali itawachotsa kale ntchito, ndipo mapepala awo obwerera anali atatha. Akuyesetsa kukonza zimenezo, matenda aja anawapeza kumudzi komweko. Anaikidwa tsiku lomwe anamwalira, monga mwa chipembedzo chathu. Ife tinangomva pa foni, titakhala pamphasa awiriwiri, popanda ngakhale mnansi woloŵa kudzatipepesa.

Bukulo ndinalitseka n'kuliponya pansi pa bedi. Ndinkadana nalo. Ndinkaona ngati landinamiza. Koma masilipasi aja Amayi sanawachotse. Akamakolopa ankawanyamula, kupukuta pansi pake, n'kuwabwezera pomwepo. Tsiku lina mtima unandipsa.

"Amayi, khalas, zatha, sabweranso. Mukuwasungira ndani?"

Sanandikalipire. Anafinya nsanza yawo m'ndowa, n'kunena osandiyang'ana: "Ndikudziwa, mwana wanga. Ndidzachotsa tsiku limene ndidzathe. Usandithamangitse."

Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku la uthenga. Masilipasiwo anakhala pakhomopo mpaka mchimwene wa Amayi atabwera kudzagwira ntchito ya ulonda ku hotela. Anafika nsapato zitamupweteka, ndipo Amayi anawerama okha, kutola masilipasi aja, n'kumuikira kumapazi.

Chaka chatha, ndikuchokera ku ntchito yanga yoyamba, ndinaloŵa m'kasitolo ka zinthu zakale ku Al Rigga pothaŵa dzuŵa. M'bokosi la masitampu osakanikirana ndinamupeza, nyamalikiti wobiriwira, ngodya imodzi itapindika pang'ono. Mwini sitolo anadabwa kuona mtsikana wamkulu akulipira kapepala osanenerera n'komwe mtengo.

Kunyumba ndinatulutsa bukulo, kulipukuta fumbi, koma ndinalephera kumuika. Ndinkaopa kuti ndikatseka mpatawo, ndiye kuti Ababa ndawatsekera kunja. Amayi anabwera n'kuima kumbuyo kwanga.

"Muike," anatero. "Abambo ako sanasunge malowo kuti akhale opanda kanthu. Anasungira amene akubwera. Wabwera."

Ndinamupana ndi kachitsulo kaja n'kumukhazika pakati pa anzake. Anakwana ndendende.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mpata ndi chilema chofunika kubisa msanga. Tsopano ndikudziwa kuti kusunga malo ndi ntchito ya chikondi, ndipo kuwapereka nthawi yake ikakwana ndi ntchito yomweyo. Zonse ziwiri sizifuna kuthamangitsidwa. Ndinatsegula tsamba lachiwiri, la masitampu a msonkho. Mabokosi a pensulo aja anali pomwepo, ojambulidwa ndi dzanja la Ababa, mizere yopindika pang'ono chifukwa sankagwiritsa ntchito rula. Sindinafufute ngakhale limodzi.