Nthungululu za a Hilario

Ku Tengani kunalibe munthu wofatsa kuposa a Hilario, komanso kunalibe munthu woopedwa kuposa iwo. Mlandu wonse unali wa njinga. Anaigula chaka china thonje litachita bwino, ndipo poti m'mudzi mwawo njinga inali yokhayo, maliro akagwa ndiwo ankatumidwa kukanena uthenga kwa abale akutali. Nkhope yawonso inkachita kuyenerana nayo ntchitoyo: yaitali, masaya olowa, ngati munthu amene wangomeza kwinini.

Zaka zitapitapo anthu anazolowera. Akangoona fumbi la njingayo, amayi ankasiya musi mumtondo n'kugwira m'mutu. A Hilario akapita kukabwereka nkhwangwa, ankayamba afunsidwa kuti watisiya ndani. Zimenezi zinkawawawa kwambiri, chifukwa anali munthu wokonda macheza, ndipo nthabwala zawo zonse zinkangothera kwa akazi awo, mayi Emelia. Chimene ankalakalaka chinali chaching'ono: kufika pakhomo pa munthu, mwini khomo n'kukondwera kuti afika.

Chaka china cha m'ma 1970 Shire anasefukira n'kukokolola njanji. Sitima inasiya kuyenda, siteshoni ya Tengani inatsekedwa, mbuzi zinasamukira pakhonde pake ngati zalembedwa ntchito. Basi nayo inkabwera ikafuna. Mapira anachita kucha anthu asanamveko kulira kwa sitima.

Ndiye m'mawa wina a Kingston, mkulu wa pasiteshoni, anaitanitsa a Hilario. Anawauza kuti njanji yakonzedwa ndipo siteshoni itsegulidwa mawa lake, Lachinayi. Koma panali kusintha: sitima yopita ku Limbe, imene kale inkadutsa Loweruka masana, tsopano izidutsa Lachinayi m'mawa. Akumidzi akapanda kumva, adzafika Loweruka n'kupeza njanji yokhayokha. Kodi njinga ija ingathandize? A Hilario anali atakwera kale.

Pachitsime choyamba zinthu sizinayende bwino. Amayi atatu anayamba kulira iwo asanatsike, ndipo anachita kukuwa kuti amveke. Koma maganizo a Hilario anali pa mayi Otilia, mkazi wa malemu Lorenso, mnzawo wa paubwana. Pakhomo pamenepo anafikapo kawiri ndi njinga: koyamba kudzanena za Lorenso, kachiwiri za mchimwene wa mayiwo. Mwana mmodzi yekha wa mayi Otilia, Agnesi, anakwatiwa ku Limbe, ndipo njanji inaduka ali woyembekezera. Kunangomveka kuti wachira movutikira, basi. Kuyambira pamenepo mayiwo anamanga ufa wa mapira ndi milamba youma, kudikira sitima yoyamba. Tsiku limene ankalidziwa linali Loweruka.

A Hilario anawapeza akupuntha mapira pabwalo. Mayi Otilia atadzutsa mutu n'kuona njingayo, anataya ndodo, liwiro kulowa m'munda wa thonje. Sanafune kumva. A Hilario anagwetsa njinga n'kuwalondola, miyendo yaitaliyo ikukodwa m'mizere, uku akuitana kuti alamu aime kaye. Akamaitana m'pamene mayiwo ankawonjeza liwiro. Amene anaona mpikisanowo ali patali anathamangira kukauza anzawo kuti kwa Otilia kwagwa zovuta.

Mpweya utawathera, mayi Otilia anakhala pansi pa mtengo wa masau, manja pamutu. A Hilario anafika ali wefuwefu. Ndipo taonani chizolowezi: anavula chipewa, n'kunjuta, n'kuweramitsa mutu, n'kuyamba kukonza pakhosi, ndendende mmene ankachitira pofuna kunena maliro.

"Nenani tsono, alamu," anatero mayi Otilia ndi mawu otsika. "Ndi Agnesi, kapena ndi mwana?"

A Hilario anayang'ana chipewa chili m'manja mwawo, n'kuzindikira chimene achita. Anadzuka msanga, n'kuchivala mopendama.

"Alamu, palibe wamwalira. Mphangwa zadidi izi, nkhani yabwino. Sitima ikuyamba mawa m'mamawa, osati Loweruka ayi. Mukamuona mdzukulu wanu."

Mayi Otilia anadzuka. Kenaka anatola phesi n'kuyamba kuwakwapula nalo m'miyendo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akufunsa kuti munthu wamkulu ngati iwo amanena bwanji nkhani yabwino atanjuta. A Hilario anangoima n'kumalandira. Chibadwire anali asanamenyedwepo mokoma choncho.

Pobwerera kunyumba anapeza anansi atadzaza kale pabwalo, amayi atafunda zitenje, wina atayambitsa ndithu nyimbo ya maliro. Mayi Otilia anawauza kuti asiye zimenezo, m'malo mwake agwire nkhuku. Anthuwo anabalalika ndi uthengawo m'midzi yonse ya kumeneko, ndipo a Hilario anakhazikidwa pamkeka n'kudya mpaka lamba anathina. Pakati pa chakudya anayesa nthabwala imodzi, ya mbuzi za pasiteshoni, anthu n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Iwo anadabwa kuposa onse.

Kutacha anapita kukawatenga alamu awo pa njinga, mtolo wa milamba pamutu, ufa pamiyendo. Ali m'njira anawakumbutsa za khadi la chipani, poti anyamata a chipani sankachedwa kufunsa pamalo otero, mayiwo n'kusisita pamfundo ya chitenje kusonyeza kuti lilipo. Pasiteshoni panali podzaza: amalonda ndi madengu awo, ana asukulu, odwala opita kuchipatala ku Blantyre. Mbuzi zinali zitachotsedwa ntchito. A Kingston anati anali asanaonepo anthu ochuluka choncho pa tsiku loyamba.

Sitima itayamba kusuntha, mayi Otilia anatulutsa mutu pazenera. Sanatsanzike munthu wina aliyense. Anakuwa mothokoza kuti, "Takhuta, alamu Hilario!" n'kuimba nthungululu yaitali. Amayi a m'sitima anailandira, a papulatifomu nawonso, onse atatembenukira kwa bambo wamtali uja ataima ndi njinga yake. A Hilario anasowa poyang'ana.

Kuyambira pamenepo nkhani za sitima zinali zawo. Tsiku likasintha, madzi akadula njanji, ikatsegulidwanso, ankazungulira midzi akuimba belu, atamanga kansalu koyera pa handulo kuti anthu adziwire patali. Njinga zitachuluka, uthenga wa maliro unapita kwa ena. Ana amene kale ankabisala anayamba kuwathamangira, kufunsa kuti sitima yati bwanji.

Koma mayi Emelia ankakonda kufotokoza za tsiku loyamba lija. Amuna awo anafika kunyumba akukankha njinga, maso ali psuu, misozi ikutsikira m'masaya olowa aja. Mayiwo anasiya chimene ankachita n'kufunsa kuti watisiya ndani.

"Palibe, mayi," anatero a Hilario, akupukuta ndi chipewa. "Andiimbira nthungululu."