Cleotis Rayford Sanagwade

Zaka zitatu ndinkawerama kutsogolo kwa Cleotis Rayford, kumupatsira mpira kudzera pakati pa miyendo yanga, pa mpira wa ku America woponya ndi manja uja. Ndiye musandiuze za iye, ndimamudziwa kuposa mkazi wake. Anali kwotabaki wathu pasukulu ya akuda kuno ku Mississippi, mtsogoleri wa timu, amene amanena kaseweredwe kenako n'kuponya mpira. Dzanja lake linali loopsa. Pakamwa pakenso panali poopsa.

Mu 1970 sukulu yathu inatsekedwa, n'kutisakaniza ndi azungu kusukulu yawo. Kochi wa kumeneko, a Purvis, anamuyang'ana Cleotis kuyambira kumapazi, maso n'kuthera m'mawondo.

"Iwe mnyamata, miyendo uli nayo. Uzithamanga, uziwakha. Zoponya zimafuna mutu."

"Mutu ndabwera nawo, bwana. Ndi uwu."

Kunabweranso bambo wina wochokera ku koleji. Anati malo ophunzira mwaulere alipo, bola Cleotis avomere kukhala wowakha mpira m'timu yawo. Kwawo kunalibe amene anapondako ku koleji. Mayi ake analira, abusa anabwera kudzamupempherera, inenso ndinayesako.

"Aise, tangowakha mpirawo, ukaphunzire. Chavuta n'chiyani?"

"Hosea, iwe ntchito yako ndi kuwerama. Usandiphunzitse."

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo sindinamuyankhule sabata ziwiri. Iye anakhala pabenchi nyengo yonse, chipewa chotetezera mutu chili pamwendo, osadandaula, osapepesa.

Pa masewero omaliza, bambo wa ku koleji uja anali pomwepo. Tinali kugonja 35 kwa 6, kutatsala masekondi makumi awiri, pamene kwotabaki wachizungu anathyoka phewa. Womulowa m'malo anali atagona kunyumba ndi chimfine. A Purvis anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosowa chenje, kenako anakodola Cleotis.

"Lowa. Landira mpira, ugwade, nthawi ithe. Ukatero ndikakulankhulira kwa a ku koleji."

Pa mpira wathuwu amagwada ndi opambana, pofuna kudya nthawi. Wogonja akagwada ndiye kuti wakweza manja. Chaka chathunthu akudikira, mpata wake woyamba n'kukhala umenewo!

Titaunjika mitu pamodzi, Cleotis anati, "Amwene, mawondo angawa lero sakupindika. Dwight, thamanga mpaka kumapeto kwa bwalo, usacheuke ndisanakuitane."

Dwight anali wowakha wathu, kamzungu kamanyazi, mwana wa wogulitsa mankhwala. "Koma akochi anena kuti..."

"Akochi akuponya ndi iwo? Thamanga!"

Ndinamupatsira mpira. Anabwerera m'mbuyo mapazi asanu, anthu awiri a timu inayo akumugwera, n'kuuponya. Mayadi makumi asanu ndi limodzi, wowongoka bwinobwino, bwalo lonse lili zii. Unakatera m'manja mwa Dwight mwenimweni. Dwight anaugwetsa.

A Purvis anamuvula yunifomu tisanafike n'komwe m'basi. Za koleji zinathera pomwepo. Cleotis anakalowa ntchito yocheka matabwa, zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo analera ana asanu ndi utuchi m'tsitsi. Tsopano tonse takalamba, timakhala pakhonde pake kudya mlamba wokazinga ndi kunena anthu odutsa.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kumufunsa. "Cleotis, ukanangogwada tsiku lija, bwenzi pano uli loya. Sizikuwawa?"

Anayamba watafuna kaye, osafulumira.

"Zimawawa. Koma Hosea, iwe unalipo. Mpira uja unafika kapena sunafike?"

"Unafika."

"Ndiye ukafunse Dwight."